MLANDU WA CIGOLOLO SUWERUZIDWA NDI MACESI

Abale ndi alongo a m'makomboni, pali mkhalidwe wina umene wazika mizu pakati pathu, ndipo ife tifuna kuutsutsa poyera. Mwamuna akamva kuti mkazi wace wayenda ndi wina, kapena mkazi akatulukira kuti mwamuna wace ali ndi khomo laciwiri, cinthu coyamba cimene dzanja lifuna ndi macesi, nkhwangwa kapena mwala. Zobvala aziocha, wailesi aiphwanya, mazenera awaswa, foni aiponya m'cimbudzi. Anthu a pafupi athamangira kudzaonerera, ena aomba m'manja nati, "Wamuonetsa! Nayenso amve kuwawa!" Kukaca, oomba m'manja aja apita ku nchito zao. Wophwanya uja ndiye apita ku polisi, yekha, unyolo uli m'manja.

Ife sitinena kuti cigololo ndi cinthu cacing'ono. Ciwawa kopambana. Cicititsa munthu manyazi pa anzace, cidya ndarama za ana, ndipo nthawi zina cilowetsa matenda m'nyumba. Munthu wolakwiridwa cotere ali ndi mlandu wabwino m'manja mwace, mlandu woti angathe kupambana nao pa bwalo liri lonse. Koma ola lomwelo limene ayatsa moto, mlandu uja wautaya. Dzulo anali wodandaula, lero ndiye woimbidwa mlandu. Wacigololo uja, amene anayenera kulipira, ndiye asanduka mboni ya Boma. Kodi pamenepa walangidwa ndani?

KWATHU KU VUBWI

Nkhani iyi itikhudza kwambiri ife a kum'mawa amene tigwira nchito m'tauni koma mtima uli kumudzi. Tengani Vubwi, dziko la Mfumu Pembamoyo, kumene Zambia akumana ndi Malawi ndi Mozambique. Boma la Vubwi ndi latsopano. Linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, caka comweco cimene Sinda anakhala boma paiye yekha. Koma ulendo wa amuna a kumeneko wokafuna ndarama kutali ndi wakale. Makolo athu anapita ku Salisbury, ku Wankie, ku Joni ndi ku migodi ya mkuwa cifukwa ca msonkho. Ife lero tiri ku Kanyama, ku Chawama, ku Matero, ku Wusakile ndi ku Kantanshi. Mwamuna akhala miyezi yambiri osaona kwao. Mkazi atsala ndi munda, ana ndi nkhalamba. Mayesero ali uku ndi uku komwe, ndipo tisanamizane kuti agwa ndi akazi okha. Amuna ambiri amene afuula za akazi ao a kumudzi ali ndi khomo lina m'komboni. Akuru anati mapanga awiri abvumbwitsa.

Tsono pali cinthu cina ca kwathu cimene cikoleza moto umenewu. Ife Acewa ambiri tikwatira cikamwini. Mwamuna apita kukakhala kwao kwa mkazi, ndipo nyumba aimanga pa dothi la mbumba ya mkaziyo. Ndarama za m'tauni zigula malata, simenti, zitseko, sola ya pa denga, njinga, mwina ndi makina osokera. Ukwati ukatha, mkamwini ndiye anyamuka, koma nyumba siyenda. Pamenepo ndi pamene mtima unong'oneza kuti, "Kodi thukuta langa ndisiyire mwamuna wina? Kuli bwino cipse, tiluze tonse."

Mau amenewa tiwamva m'mabasi ndi m'mowa, ndipo ena awayesa mau acimuna. Ife titi ndi mau a munthu wosawerengera. M'nyumba imeneyo mugona ana ako. M'nkhokwe imeneyo muli cimanga cimene adzadya kufikira masika. Pansi pa mphasa pali makadi a ku cipatala, mabuku a sukulu ndi ziphaso zimene kuzipezanso kufuna ulendo wa ku boma ndi ndarama. Mwamuna wacigololo uja sagona m'menemo. Iye ali kwao, ndipo mbale zace zonse ziri zamphumphu.

Palibe mkuru wa Acewa anaphunzitsapo mwana wace kuti ukwati ukabvuta ayatse nyumba. Mwambo unaika ankhoswe, wa kucimuna ndi wa kucikazi, kuti nkhani iyambire pa iwo. Ikawakanika ipita kwa anyakwawa, ikakula ifika kwa mfumu. Wogwidwa ndi mkazi wa mwini analipira, kaya mbuzi, kaya nkhuku, kaya ndarama, pamaso pa anthu. Ukwati ukatha panali kusudzulana, ndipo akuru anakhala pansi kuona za ana ndi za katundu. Onse amene apita ku Mkaika ku Katete mwezi wa August kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi adziwa kuti ulemu wa Mcewa uli pa kukhala pansi ndi kumva mlandu kufikira utatha. Woyatsa moto sasunga mwambo. Aupondereza.

CIMENE LAMULO LINENA

Tsopano imvani za lamulo la Boma, pakuti ambiri alidziwa atalowa kale m'citokosi.

Coyamba, m'dziko la Zambia cigololo si mlandu wa polisi. Palibe munthu aikidwa m'ndende cifukwa ca cigololo cokha. Ndi mlandu wa malipiro ndi wothetsa ukwati. Mwamuna wa ukwati wa mwambo angathe kusumira wacigololo ku Local Court kuti amlipire. Mkazi nayenso angathe kusumira mkazi mnzace mlandu wosokoneza ukwati, ndipo milandu yotere imveka kawiri kawiri m'makhoti a m'tauni. Ku Local Court sikufuna loya. Munthu alankhula yekha, m'cinenero cace, ndi mboni zace.

Caciwiri, kuononga katundu wa munthu wina ndi mlandu wa polisi. Buku la malamulo a milandu, lochedwa Penal Code, Chapter 87, linena pa ndime 335 kuti munthu woononga dala katundu mopanda lamulo angathe kukhala m'ndende zaka 2. Imeneyo ndi ya wailesi, mazenera, mipando, foni, zobvala. Kutema ng'ombe kapena mbuzi za mnzako kuli ndi ndime yace yace, kuocha mbeu za m'munda nakonso cimodzimodzi, ndipo zilango zace ziposa pamenepo.

Cacitatu, ndipo ici ndico coopsa, kuocha nyumba kuli pa ndime 328, ndipo cilango cace cingathe kufika pa ndende ya moyo wonse. Lamulo silisiyanitsa nyumba ya malata ndi ya udzu, yotha kumanga ndi yosatha. Kanyumba ka udzu ka ku Vubwi ndi nyumba yosanja ya ku Kabulonga zonse ziri pa ndime imodzi.

Ena ati, "Ndidzauza woweruza kuti anandiputa, mtima unandipsa." Lamulo lidziwa za kuputidwa, inde, koma liziwerengera pa mlandu wakupha munthu, pa ndime 205 ndi 206, ndipo ngakhale pamenepo silimasula munthu, lingocepetsa mlandu. Pa kuononga katundu mkwiyo sucotsa mlandu. Woweruza angathe kukumvera cisoni poika cilango, koma dzina lako lilowa ndithu m'buku la olakwa. Ndipo inu a pa nchito mudziwa cimene cicitika munthu akasowa pa geti masabata awiri cifukwa ali m'citokosi. Mudziwanso kuti mabwana ambiri lero afuna kalata ya ku polisi asanakulembe nchito.

Ena ati, "Tidzakambirana pacibale, mlandu udzacotsedwa." Pa milandu yaing'ono ya pakati pa anthu, lamulo lilola woweruza kuyanjanitsa anthu ngati wolakwa alipira. Koma cilolezo cimeneco sicifika pa milandu yaikuru monga kuocha nyumba. Moto ukayaka, mlandu si wa banja ai, ndi wa Boma. Apongozi ngakhale akhululuke ndi misozi, alibe mphamvu yakuutseka okha.

Ndipo ndende si mapeto. Mwini katundu ali ndi ufulu wakufuna malipiro a zonse zoonongeka. Tsono werengani bwino monga kalaliki. Malata unagula ndi thukuta lako, wawaocha. Tsopano ulipiranso mtengo wace, pa mtengo wa lero, osati wa caka cimene unagula. Nchito yatha. Ana afunabe cakudya ndi sukulu, pakuti lamulo la ana la 2022 silimasula kholo cifukwa ukwati watha. Malipiro a cigololo amene unayenera kulandira amira m'ngongole imeneyi. Walipira kawiri, katatu, ndipo wolakwa weniweni sanaturutse ngakhale ngwee imodzi.

Palinso ena a kumalire amene ati, "Ndikayatsa ndidzaolokera ku Malawi kapena ku Mozambique, kuli abale." Kuoloka nkosabvuta, tidziwa. Koma munda suoloka, ana saoloka, maliro a amako adzakuitana. Mlandu suola.

"NDINAGULA NDINE"

Awa ndiwo mau amene anamiza anthu ambiri, amuna makamaka. Tiyeni tiwayese.

Ngati unagula citenje, foni kapena nsapato nupatsa mkazi kapena bwenzi lako, cinthuco ndi cace. Mphatso ikacoka m'manja yacoka. Cikondi cikatha siibwerera yokha kwa wogula. Kuing'amba ndi kuononga katundu wa munthu wina, cimodzimodzi kung'amba malaya a munthu wa pa mseu.

Ngati ndi katundu wa m'nyumba amene munapeza muli pa ukwati, si wako wekha. Iwe unatumiza ndarama, inde. Nanga amene anaumba njerwa ndi kutunga madzi omangira ndani? Analima nsawawa, soya ndi thonje ndani? Anasunga ana ndi kudwazika amako ndani? Nchito imeneyo siilembedwa pa cipepala ca malipiro, koma khoti liiwerengera.

Pali mlandu wodziwika umene munthu ali yense wa pa ukwati ayenera kuumva, mlandu wa Chibwe ndi Chibwe. Unayambira ku Mufulira, tauni ya migodi. Anthuwa anakwatirana mwa mwambo wa Aushi. Mwamuna anapita ku Local Court kukathetsa ukwati, ndipo cimodzi ca zifukwa zace cinali cakuti mkazi anacita cigololo. Ukwati unatha. Koma mkazi sanaleke, anakwera ndi mlandu wa katundu kufikira ku Supreme Court, khoti lalikuru la apilo, ndipo mu 2000 khotilo linalamula kuti apatsidwe gawo la cuma ca banja. Onani bwino. Mkazi wonenezedwa cigololo sanaturuke manja ali m'khosi. Tsono ngati oweruza akuru a dziko sanamlande zonse, iwe ndiwe yani kuti uweruze wekha usiku ndi botolo la petulo?

Mlandu womwewo uphunzitsanso mkamwini kanthu. Ngati khoti liwerengera thukuta la mkazi, liyeneranso kumva za thukuta la mwamuna. Nyumba siyenda, koma mtengo wace unenedwa, ndipo njinga, makina ndi ziweto zigawika. Cinthu camphumphu ungathe kucitenga kapena kulandirapo gawo. Phulusa palibe amene analigawapo.

Nzoona kuti pa ndime 8 lamulo limvera munthu amene anakhulupirira ndi mtima woona kuti katunduyo ndi wace. Koma woyesa cikhulupiriro cimeneco ndi woweruza, si iwe. Munthu wofuna cace abwera masana ndi mboni. Wobwera usiku ndi nkhwangwa, atalengeza m'mowa kuti "lero andiona," adzabvutika kuuza khoti kuti anali kungotenga zace.

MAU KWA AMAI

Alongo athu, mau awa ndi anunso. Tidziwa kuti mtolo wanu ulemera kopambana. Mwamuna akayenda, anthu ati ndi cimuna. Mkazi akayenda, mudzi wonse uyimba. Mwambo ulola mitala, ndipo amuna ena abisala kumbuyo kwa mitala pocita zaciwerewere zimene ankhoswe sazidziwa. Kusalungama kumeneku ife tikuona ndipo tikutsutsa. Koma musapatse mwamuna wotere mphatso yakukuonani m'citokosi. Mukaphwanya galasi la galimoto yace, kapena mukapita kukaswa mbale ndi mazenera kwa mkazi winayo, ndime 335 ikugwirani monga igwira mwamuna. Ana atsala ndi yani? Atsala ndi iye amene anakulakwirani.

Ndipo musati, "Ine ndingoocha zobvala zace zokha." Moto sumva malire. Ku America mu 1994 woyimba wochuka, Lisa Lopes wa gulu la TLC, atakangana ndi bwenzi lace Andre Rison, anayatsa nsapato zace m'bafa. Nyumba yonse, ya pafupi ndi Atlanta, inapsa. Khoti linamlipiritsa madola 10,000 ndi kumuika m'manja mwa oyang'anira a khoti zaka 5. Imeneyo inali nyumba ya anthu olemera, ku dziko la magalimoto ambiri ozima moto. Nanga mudzi wa udzu mwezi wa October, mphepo iri kuomba, nkhokwe ziri pafupi pafupi? Nanga m'komboni, m'mene zipinda zigundana, ndipo kuseri kwa cipupa kugona khanda la eni ace?

Lamulo linakutsegulirani khomo lina. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, Anti-Gender-Based Violence Act. Lamulo limeneli liwerengera kuononga katundu dala monga nkhanza, ndiponso kulowa mwa mphamvu m'nyumba ya munthu amene simukhala naye. Ligwira ndi pa anthu amene ukwati kapena cibwenzi cao cinatha. Munthu woopsezedwa angathe kupempha khoti kalata yoletsa woopsezayo kufika pakhomo. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit ya nkhani zotere. Makhoti ofulumiza milandu ya nkhanza anayamba ku Kabwe ndi ku Lusaka mu 2016, ndipo pambuyo pace linatsegulidwa ndi ku Chipata. Khomo limeneli ndi la mwamunanso, ngati iye ndiye aonongeredwa katundu.

OSONKHEZERA MOTO

Mau athu owawa kopambana tiwasungira awo amene aima pambali ndi kusonkhezera. Mnzako wa pa mowa amene ati, "Ukhala mwamuna wanji, pita ukamuonetse." Alongo amene aperekeza mbale wao kukaswa kwa mkazi wina. Abale amene abwera ndi makwerero kudzakanganula malata usiku. Dziwani kuti pa ndime 21 wothandiza ndi wotuma awerengedwa monga wocita mwini. Wogwira makwerero ndi wogula petulo aima m'bokosi limodzi ndi woyatsa. Ndipo ngakhale lamulo likuphonyeni, ife tifunsa: tsiku la mlandu mudzaoneka? Ana ace mudzawalipirira sukulu? Mutu wa mnzanu mwauyesa ng'oma yoti muyimbirepo.

Kwa apolisi ndi kwa mafumu tinenanso. Mkazi kapena mwamuna akabwera kudzanena kuti wina waopseza kuti adzaocha nyumba, musambweze ndi mau akuti "za m'banja, kakambiraneni." Ciopsezo ndico nthawi yakugwira nchito. Kulemba m'buku nyumba itapsa kale sikuutsa cipupa. Ankhoswe nanunso, unkhoswe suthera pa kudya nkhuku tsiku la ukwati. Mwana wanu akali m'tauni ndipo mphekesera zayamba kumudzi, muitaneni, khalani naye pansi asanafike ndi mkwiyo wa pa basi.

Kale makolo athu anali ndi cifukwa cakukayikira makhoti. Penal Code inayamba mu 1931, m'nthawi ya Azungu, ndipo makhoti a anthu akuda anali pansi pa Bwana D.C. Koma dziko linamasuka mu 1964, ndipo mu 1966 Native Courts zinalowedwa m'malo ndi Local Courts. Oweruza ndi ana a dziko lino. Malamulo awakonza ndi aphungu amene tisankha ife. Makhoti acedwa, inde, ndipo kwa munthu wa kumudzi ulendo wace udya ndarama. Pamenepo tiyenera kufuula kuti Boma liwafikitse pafupi ndi anthu a Vubwi, Sinda ndi Katete. Koma kucedwa kwa khoti sikupatsa munthu ufumu wakuweruza mnzace ndi moto.

COCITA NDI ICI

Ife amene tinagwirako nchito ya ukalaliki ku migodi tinaphunzira cinthu cimodzi: cosalembedwa cikanidwa. Munthu angalumbire kuti anagwira shifiti, koma ngati m'buku mulibe, malipiro palibe. Ku khoti nakonso ndi cimodzimodzi.

Cifukwa cace sungani malisiti a malata, a simenti, a njinga. Mauthenga a pa foni oonetsa ndarama zimene munatumiza kumudzi musawafafanize. Mukamanga kwao kwa mkazi, ankhoswe a mbali zonse ziwiri adziwe cimene mwaikapo. Mbiri yoipa ikakufikani, musakwere basi tsiku lomwelo, ndipo musapite mutamwa. Gonani, kuce. Yambani mwaona ankhoswe. Mukafuna kutenga zobvala zanu ndi zipangizo zanu za nchito, pitani masana, ndi anyakwawa kapena munthu wamkuru, ndipo zonse zilembedwe pa pepala, onse awiri asaine. Cimene mwalimbirana cisiyeni pomwepo kufikira khoti linene. Mlandu wa cigololo kasumeni ku Local Court. Ngati ukwati wanu ndi wolembetsa mwa lamulo la Boma, kuthetsa kwace ndi kwa High Court, ndipo osowa ndarama ya loya afunse ku Legal Aid Board.

Ndipo inu amene mwaonongeredwa katundu, kaya munalakwa kaya simunalakwe, musacite manyazi kukanena. Jambulani zoonongeka, itanani mboni, pitani ku polisi. Kulakwa kwanu pa ukwati kuli ndi bwalo lace. Sikupatsa munthu ufulu wakukusiyani pa mtetete.

Abale, m'makomboni ndi m'midzi yathu mulibe cuma coti tiziseweretsa. Lata liri lonse linabwera ndi mashifiti a usiku, thumba liri lonse la cimanga linabwera ndi msana wa munthu. Mukamva mnzanu ali kunena za macesi, mlandeni, mkhazikeni pansi, m'mawa mumperekeze kwa ankhoswe kapena ku khoti. Akapite monga wodandaula, mutu uli m'mwamba, ndipo wacigololo ndiye akaturutse ndarama.